Munda wa gulu, nkhokwe ya mudzi kapena msika: mungathandize kuti?

Mwana wa achemwali anga atalemba mayeso a Fomu 4 anakhala akungozungulira pakhomo kudikira zotsatira. Tsiku lina tikusenda chinangwa choti tiyanike makaka, anaika mpeni pansi n'kunena kuti, "Amayi aang'ono, kukhalaku kwanditopetsa. Ndikufuna ndizikathandizako penapake, ngakhale kwaulere. Ndiyambire kuti?"

Sindinamuyankhe msanga. Kuno kwathu ku Mulanje, munthu wofuna kuthandiza pa nkhani ya chakudya ali ndi makomo atatu oti angalowe: munda wa gulu, nkhokwe ya mudzi pamodzi ndi khitchini ya phala la ana, ndiponso msika kumene alimi amagulitsira zokolola zawo. Konse kutatuku ndinapondako, kwina zaka, kwina miyezi chabe, ndipo si ntchito zofanana ayi.

Tisanafike kumeneko, pali chinthu chimene akuluakulu a kuno sanaiwale. Ntchito yopanda malipiro ku Mulanje ndi ku Thyolo ili ndi chipsera. Nthawi ya atsamunda makolo athu ankagwira thangata m'maesiteti, ntchito yokakamiza yolipirira malo amene ankakhalapo, ndipo nkhanza zimenezo zinali m'gulu la zinthu zimene zinadzutsa John Chilembwe mu 1915. Liwu lakuti thangata poyamba linali labwino. Linkanena za kuthandizana, monga mmene anthu ankaitanirana dima, kulima munda wa mmodzi lero, wa wina mawa, pomaliza n'kumwa thobwa. Analiipitsa ndi amene ankakolola thukuta la anzawo. N'chifukwa chake mukauza anganga kuti mukupita kukalima kwaulere, amayamba akufunsani kuti, "Adye ndani?" Funso limeneli musalipeputse. Ine ndi limene ndimayezera njira zonse zitatuzi.

Munda wa gulu

Malo kuno ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 ku Mulanje ndi oposa 720,000 ku Thyolo, pamene nthaka yambiri yabwino ili pansi pa tiyi, amene anayamba kulimidwa kuno m'zaka za m'ma 1890. Choncho munda wa gulu sukhala waukulu. Kawirikawiri kamakhala kachigawo kamene amfumu apereka m'mbali mwa dambo, kapena malo a mpingo, kapena kuseri kwa sukulu ya mkombaphala. Zokolola zake zimapita kwa ana, okalamba, odwala, kapena m'nkhokwe ya mudzi.

Ubwino wake ndi woti mumaphunzira zinthu zimene mudzapite nazo kumunda kwanu. Alangizi a zaulimi amakonda kufikira pa munda wa gulu chifukwa amapeza anthu ambiri malo amodzi. Ine ndi pamenepo pamene ndinaphunzira kupanga manyowa a Mbeya: ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, kusakaniza bwino, kuwaza madzi, kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati n'kudikira masiku 21. Ndi pamenepo pamene ndinadziwa kuyang'ana mbozi za ntchemberezandonda m'mawa, kutsegula nsonga ya chimanga ndi zala n'kufufuza zitosi zake zonga utuchi. Ndinaphunziranso kukonza akalozera, mizere yopingasa yotchinga madzi, pa malo otsetsereka ndi kubzala udzu wa vetiva kuti nthaka isamatsike ndi madzi, ndiponso chifukwa chake nthochi yogwidwa ndi matenda a chisaka imafunika kuizula yonse ndi ana ake omwe. Amene anaona mmene chisaka chinathera nthochi za ku Thyolo akudziwa kuti kuchitira chisoni tsinde limodzi kumaphetsa munda wonse.

Vuto la munda wa gulu ndi kalendala. Nthawi yopanga mizere, mu Okutobala, anthu amabwera ambiri, nyimbo zili pakamwa. Kubzala nakonso sikuvuta. Koma kupalira ndi kubandira kumagwa mu Disembala ndi Januwale, pamene aliyense ali ndi munda wake woti apalire, ufa wayamba kutha m'nyumba, ndipo tiyi waphuka kwambiri moti maesiteti akulemba anthu othyola. Munthu amene ana ake agona ndi njala adzasankha ganyu, ndipo simungamudzudzule. Ndikukumbukira m'mawa wina wa Januwale pamene tinapangana anthu 14 kuti tikapalire. Kunacha ndi kamvula kowaza, phiri lonse litabisala m'nkhungu. Tinafika atatu: ine, mayi wina wobereka mwana kumsana, ndi mkulu wina wa mpingo amene khasu lake linali litatha mpaka kutsala ngati chikhatho. Udzu unali utakwana m'mawondo, chimanga chitachita chikasu. Tinapalira mizere imene tinatha, yotsalayo tinaisiya. Chaka chimenecho munda umene ukanadyetsa ana mpaka Malichi unangotulutsa matumba ochepa.

Kuyambira pamenepo ndimalimbikitsa magulu kuti asaike mtima wonse pa chimanga. Mbatata yofiira mkati, ya mitundu ngati Kadyaubwerere ndi Zondeni, ikaphimba nthaka sifunanso kupalira kawirikawiri, ana amaikonda, ndipo masamba ake ndi kholowa wa ndiwo. Chinangwa chimapirira ngakhale mutachedwa. Nandolo amakolola mochedwa, nthawi ya chilimwe, pamene anthu apumako, ndipo amabwezera chonde m'nthaka. Dimba la m'chilimwe ndi labwino kwambiri kwa wodzipereka watsopano, chifukwa ntchito yothirira mpiru ndi tomato imagwa pa miyezi imene manja ndi ambiri.

Musanagwire khasu, funsani kuti malowo ndi a yani ndipo anapangana zotani. Gulu lathu lina linathira manyowa zaka zitatu pa munda umene banja lina linabwereketsa pakamwa chabe. Nthaka itayamba kuda ndi kufewa, eni mbumba anabwera n'kunena kuti mwana wawo wakwatiwa ndipo akufuna polima. Sitinawakanize, anali malo awo ndithu, koma thukuta la zaka zitatu linadyedwa ndi banja limodzi. Pangano lilembedwe pamaso pa amfumu, zaka zake zitchulidwe.

Ntchito ya munda wa gulu imayenera munthu amene ali ndi mphamvu, amene amakhala pafupi, ndiponso amene alibe munda wakewake waukulu womuitana pa nthawi yopalira. Achinyamata odikira zotsatira za mayeso, ophunzira amene ali pa tchuthi cha Disembala, ndi amenewo.

Nkhokwe ya mudzi ndi phala la ana

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene funso la anganga limayankhidwa pamaso panu, komanso ndi pamene anthu abwino amawonongekera mbiri.

Nkhokwe ya mudzi imayenda motere: pokolola, banja lililonse limasonkha chimanga, ndowa kapena chigoba malinga ndi pangano, kuphatikiza ndi zochokera ku munda wa gulu. Chimangacho chimasungidwa mpaka miyezi ya njala, Januwale mpaka Malichi, pamene mtengo pamsika wakwera. Ena amabwereka n'kudzabweza akakolola ndi kapamwamba pang'ono, pamene okalamba, odwala ndi ana amasiye amapatsidwa osabweza. Pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola minda ndi nyumba, anthu n'kukakhala m'makalasi a sukulu, midzi yambiri inazindikira kufunika kokhala ndi kenakake pafupi poyembekezera thandizo la boma ndi mabungwe, chifukwa milatho ikaduka galimoto ya ufa sifika. Chaka chotsatira kunabweranso ng'amba ya El Niño, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala.

Ntchito ya nkhokwe imayamba ndi kuyanika, ndipo kuno si nkhani yaing'ono. Chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julayi, dzuwa limatha masiku osaoneka, chimanga n'kumamwa chinyontho. Mukachitsekera chisanaume chimachita chuku, ndipo chimanga cha chuku ndi poizoni kwa ana. Pali njira yapafupi yoyesera: ikani chimanga ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, tsekani, gwedezani. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Chikauma mumapeta, kuchotsa chowola, n'kuthira m'matumba. Matumba a PICS, amene ali ndi mapulasitiki awiri mkati, amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda mankhwala, bola pasakhale kabowo ndipo pulasitiki iliyonse imangidwe payokha. Matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma. Sabata iliyonse wina azilowa kukaona ngati makoswe aboola. Ndi ntchito yachete, yopanda oimba nyimbo, ndipo ndi imene imasowa anthu.

Koma cholemera kwenikweni ndi kaundula. Amene wagwira buku ndi kiyi amasanduka munthu wina m'maso mwa mudzi. Malume anu adzabwera usiku. Apongozi adzatuma mwana. Ndikukumbukira tsiku logawa mu Febuluwale, mzere utatha, ndikutseka buku, pamene gogo wina anafika atanyamula kabeseni kakang'ono kobooka m'mphepete. Anagwada patali n'kunena chapansipansi kuti, "Mwanawe, dzina langa mulibe m'menemo?" Munalibe. Anali atasamukira kwa mwana wake kumudzi woyandikana nthawi yolemba mayina, ndipo atabwerera anapeza kalembera atatha. M'nkhokwe munali matumba awiri osungira ana a mkombaphala. Ndinaitana anzanga awiri a komiti amene anali asanapite, tinagwirizana, tinamuyezera chigoba chimodzi n'kulemba m'buku zimene tachita ndi chifukwa chake, tonse atatu n'kusaina. Ndikanamupatsa ndekha mwakachetechete, mawa lake mudzi wonse ukanamva kuti ndayamba kugawa chimanga kwa amene ndawakonda.

Choncho musalowe komiti ya nkhokwe imene kiyi ndi buku zili m'manja mwa munthu mmodzi. Maloko akhale awiri kapena atatu, makiyi kwa anthu osiyana mabanja. Mayina a olandira awerengedwe pa bwalo, anthu onse akumva. Ndipo ndinene mosabisa: pali amuna ena amene amagwiritsa ntchito kaundula wa chakudya pofuna amayi ndi atsikana. Mukaona zotere musazisunge m'mimba poopa kudana ndi anthu. Kanenani kwa amfumu, kwa a chitetezo cha m'mudzi kapena ku polisi.

Khitchini ya phala ndi mlongo wake wa nkhokwe. M'masukulu ambiri apulayimale ufa wa phala umabwera kudzera ku mabungwe monga Mary's Meals, limene linayamba kudyetsa ana m'Malawi muno mu 2002, koma ophika ndi amayi odzipereka a m'midzi yozungulira, amene amasinthana masiku. Ku mkombaphala nthawi zambiri kulibe wobweretsa ufa. Makolo amasonkha okha mgaiwa, soya kapena nsinjiro, ndipo phala likatha ana nawonso amasiya kubwera. Aliyense amene anasamalirako ana kumeneko angakuuzeni zimenezi. Wophika amadzuka kusanache, kutunga madzi, kukoleza moto, kutakasa chimphika chachikulu ndi mthiko wotalika ngati mpini, utsi uli m'maso. Nkhuni nazonso ndi nkhani, chifukwa mitengo ya m'phiri ikutha ndipo si bwino kudyetsa ana lero pometa phiri limene limawapatsa madzi. Koma pa ntchito zonse zimene ndinagwirapo, iyi yokha ndi imene malipiro ake mumawaona tsiku lomwelo. Mwana amene anafika atazyolika, akamaliza kapu yake n'kukomba ndi chala, amayamba kuthamanga.

Abambo ambiri amaona ngati khitchini si yawo. Kuwaza nkhuni, kukonza denga la khitchini, kumanga mbaula yosunga moto, kunyamula matumba kupita ku chigayo, zonsezi zikudikira munthu.

Msika

Msika wa alimi ife tinali nawo kale: tsiku la msika ku Limbuli, Chitakale, Nkando, Luchenza, Goliati kapena Bvumbwe, alimi amabwera okha ndi chinanazi, mapeyala, kabichi, tomato, nandolo ndi mbatata, ena pamutu, ena pa kabaza. Wodzipereka pamenepa sagulitsa zake. Amathandiza kalabu ya alimi kapena gulu la amayi kuti lisaberedwe.

Ntchito yake ndi ya mutu. Kuyang'anitsitsa sikelo ya venda, makamaka pa nandolo, ndi kukhala ndi chinthu cholemera kilogalamu imodzi yodziwika, monga paketi ya shuga, choyesera sikeloyo musanapachike thumba. Kuimba foni kumisika ina kuti mudziwe mtengo musanavomere. Kudziwa mitengo yoyambira imene Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka chilichonse. Kusankha tomato m'magulu kuti wamkulu asagulidwe pa mtengo wa wamng'ono. Kulemba amene wabweretsa chiyani, ndi kuthandiza agogo kuona ngati ndalama ya Mpamba kapena Airtel Money yalowadi wogula asanachoke. Amene analima nandolo mu 2017 akukumbukira mmene mtengo unagwera dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja. Wodzipereka sangakweze mtengo wotero, koma angathandize alimi kusonkhanitsa katundu wawo pamodzi, kuti asamagulitse aliyense kandowa kake kwa woyamba kufika.

Pali kantchito kena kamene ndimakakonda kwambiri. Dzuwa likapendeka, masamba ambiri amatsala atafota, ndipo ogulitsa amalolera kuwapereka kapena kuwagulitsa motchipa. Mukawatola n'kukawafutsa, mfutso umenewo umadzathandiza ku mkombaphala ndi kwa okalamba mu Okutobala ndiwo zikasowa.

Msika umangofuna tsiku limodzi pa sabata, choncho umayenera aphunzitsi, makalaliki ndi ena apantchito. Kuipa kwake ndi koti ndalama za anthu zimadutsa m'manja mwanu pakati pa phokoso, ndipo K500 ikasowa ndi dzina lanu limene limatchulidwa. Komanso musapite ndi mtima wokamenyana ndi mavenda onse. Ambiri ndi amayi a m'midzi yomweyi amene akufunafuna ya sopo. Pa funso lija lakuti adye ndani, msika ndi umene yankho lake lili patali: mlimi akapeza mtengo wabwino, ndalamayo ikhoza kukagula ufa, ikhozanso kuthera panjira.

Nanga tsono kuti?

Ena amafuna kugwira zonse nthawi imodzi, koma paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Gulu limavutika kwambiri ndi munthu amene analonjeza n'kusowa kusiyana ndi amene sanalonjeze n'komwe, chifukwa dzina lake limawerengedwa pogawa mizere kapena masiku ophika.

Ine ndikafunsidwa, ndimayamba ndaona kuti munthuyo ali ndi chiyani chochuluka. Ngati ndi nthawi ndi mphamvu, munda, ndipo alonjeze za Januwale, osati za Okutobala. Ngati ndi munthu wokhazikika, amene mawu ake amamveka pa bwalo ndipo angathe kukana m'bale wake osadana naye, nkhokwe ikumufuna kuposa kwina kulikonse. Ngati ali pantchito ndipo amadziwa masamu, msika. Koma mtima wanga uli pa munda umene uli ndi khitchini kumapeto kwake. Munda wa gulu wongolima osadziwa kuti zokolola zipita kuti umatha ndi mikangano pa tsiku logawana. Munda umene aliyense akudziwa kuti mbatata iyi idzadyedwa ndi ana awa, amene akuwamva akuimba kuseri kwa mpanda, anthu amaukumbukira ngakhale pa nthawi ya ganyu.

Za alawansi funsani poyera tsiku loyamba. Magulu ambiri a m'midzi alibe kalikonse kopereka, mwina thobwa kapena kapu ya phala. Mabungwe ena amapereka ya thiransipoti pa maphunziro okha. Amene walowa akuyembekezera envelopu amakhumudwa mwezi usanathe ndipo amakhumudwitsanso anzake. Ngati kunyumba kulibe ufa, pitani kaye ku ganyu, palibe manyazi pamenepo. Gulu labwino limamvetsa.

Mwana wa achemwali uja ankafuna buku la nkhokwe, chifukwa masamu amawatha. Ndinamuletsa. Ndi wamng'ono, ndipo amalume ake akadzabwera usiku sadzatha kuwayang'ana m'maso n'kuwakaniza. Ndinapita naye ku dimba la mkombaphala wa m'mudzi mwathu, kumene amayi awiri okha ankasinthana kuthirira nazale ya mbatata kuti mbewu idzapezeke mvula ikagwa. Mayi wamkulu wa komiti anamuyang'ana manja, anamupatsa kheni yothirira imene chogwirira chake n'chomangidwa ndi waya, n'kumuuza kuti mabedi ndi asanu ndi limodzi, chitsime chili kumunsi kwa nsenjere, ndipo azifika dzuwa lisanatuluke kuseri kwa phiri.